Chikhulupiriro Sachiyeza ndi Kugunda kwa Mtima

Kuno ku Nkhotakota palibe amene amakangana za LA, mankhwala a malungo. Mwana akatentha thupi usiku, mayi wachikhristu ndi mayi wachisilamu onse amalawira mbandakucha, mwana kumsana, ulendo wa kuchipatala. Akamuyeza n'kumupeza ndi malungo, amalandira mapiritsi, amapemphera, amamwetsa mwanayo, ndipo palibe mbusa kapena shehe amene amati pachitika tchimo. Za ma ARV tinakanganapo zaka zapitazo. Tinaika m'manda abale athu amene anauzidwa kuti ataye mabotolo chifukwa achira, ndipo ambiri tinatolapo nzeru. Koma alipo mankhwala ena amene mpaka lero amamwedwa chitseko chili chotseka, paketi yake n'kubisidwa pansi pa zovala m'sutikesi. Awa ndi mankhwala a nkhawa. Womwa LA samadzifunsa kanthu. Womwa mankhwala a nkhawa amameza piritsi limodzi ndi funso: kodi apa ndavomera kuti Mulungu walephera kundithandiza, kapena ndine amene ndalephera kumukhulupirira?

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, wa mpingo wa Anglican, wobadwira m'tauni muno momwe kuitana kwa kumzikiti ndi belu la kutchalitchi zakhala zikumveka m'mudzi umodzi kuyambira masiku a Jumbe ndi amishoni a UMCA. Funsoli silinandipeze m'buku. Linalowa pakhomo pathu kudzera mwa mlongo wanga.

Iye ndi mayi wa geni ya usipa. Amagula pagombe cha ku Chia, amayanika pathandala, amalongeza m'matumba n'kukagulitsa ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Alamu anga ndi msodzi wa chilimira, wogona panyanja. Mlongo wangayo ndi munthu amene amatha kukangana ndi kondakitala za mtengo wa katundu mpaka kondakitalayo n'kugonja. Ndiye tsiku lina ali m'minibasi, popanda chochititsa, mtima unayamba kuthamanga, mpweya kuchepa, thukuta kamukamu, zala kuchita dzanzi. Anatsika panjira, nakhala pansi m'mbali mwa msewu, akudikira imfa. Imfa sinabwere. Patapita kanthawi zonse zinatha, anatsala ndi kutopa kokha. Koma zinabweranso kumsika, zinabweranso m'tchalitchi nthawi ya ulaliki. Kenaka anayamba kuopa mantha omwewo. Anasiya maulendo, anasiya kukhala pagulu, tulo tinathawa. Usiku ankakhala pakhonde kuyang'ana nyali za asodzi panyanja, kuganiza kuti ya mwamuna wake ndi iti, ndipo ikazima imodzi iye anali ataika kale maliro m'mutu mwake. "Achimwene," anandiuza, "ndikudziwa kuti palibe chondithamangitsa, koma thupi langali silikumva."

Ofotokoza sanasowe. Ena anati ndi BP. Ena anati ndi majini a m'nyanja. Ena anati anzake a geni amuponyera chifukwa cha nsanje. Mneneri wina anati ndi mzimu wa mantha, namusanjika manja, namulamula kusala kudya. Zitabweranso, yankho linali lokonzeka kale: chikhulupiriro chanu n'chochepa, mayi. Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga anasenza akatundu awiri, matenda ndi mlandu. Mwa awiriwo, wolemera unali mlandu.

Sindikufuna kunyoza amene amaganiza choncho, pakuti sanazitole m'tchire. Malemba amanenadi za nkhawa, ndipo amanena molamula. Pa Mateyu 6 Yesu akuletsa ophunzira ake kudera nkhawa za chakudya, chovala ndi za mawa. Paulo akubwereza zomwezo kwa Afilipi. Pa 2 Mbiri 16 mfumu Asa akudzudzulidwa chifukwa atadwala mapazi anafuna asing'anga osafuna Yehova. Anansi athu achisilamu nawo amaphunzitsa kuyedzamira mwa Allah, ndi kuti mtima umakhazikika pomukumbukira. Tsono wolalikira akati nkhawa ndi nkhani ya mzimu, ali ndi pogwira. Malungo palibe amene analamulidwa kuti asadwale, koma nkhawa tinalamulidwa kuti tisakhale nayo. Munthu angamwere bwanji piritsi chinthu chimene anayenera kulapa?

Pansi pa funso limenelo pali linanso lozama, limene limandisowetsa tulo ine kuposa loyambalo. Ngati kanthu kakang'ono kopangidwa m'fakitale ku India kangathe kukhazika mtima wa munthu pansi, nanga mtendere umene timauimba m'tchalitchi ndi chiyani? Kodi nawo ndi nkhani ya timadzi ta m'bongo basi? Ndikuganiza kuti atsogoleri ena amadana ndi mankhwalawa chifukwa cha mantha amenewa, ngakhale sawatchula. Akuona ngati piritsi lalowa m'munda mwa Mulungu n'kuyamba kukolola.

Kuti tiyankhe, tiyambe tavomereza kuti mantha paokha ndi mphatso. Ife a m'mbali mwa nyanja sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Miyezi ya June ndi July mwera ukamawomba, msodzi amene saopa ndiye amene timakamufunafuna m'bango patapita masiku. Woopa amayang'ana mitambo, amamvetsera mphepo, amakokera bwato kumtunda n'kugona ndi njala, koma wamoyo. M'tchalitchi cha All Saints muno muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja yomweyi mu September 1895 boti lawo litagubuduzika ndi namondwe, patangopita miyezi yochepa chidzozedwere ubishopu. Nyanja sinafunse za udindo wake kapena za mapemphero ake. Amene anatilenga anadziwa kuti tikukhala m'dziko la mafunde, ng'ona ndi njoka, natiikira m'thupi chotidzutsa. Ngozi ikaoneka, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umapopa magazi msanga kupita ku minofu, mpweya umafulumira, maso amatseguka. Munthu sasankha zimenezi, monga sasankha kuyetsemula.

Matenda a nkhawa ndi pamene zonsezi zikuchitika ngozi palibe, kapena pamene zakana kuzima ngozi itapita. Kupuma mofulumira komweko ndiko kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, ndipo wodwala akamva dzanzilo amatsimikiza kuti akufa, mantha n'kuwonjezeka. Si matenda a azungu kapena a anthu osowa chochita. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matendawa, akazi ochuluka kuposa amuna, ndipo mwa anthu anayi ofunika thandizo ndi mmodzi yekha amene amalipeza. Lamulo la pa Mateyu 6 likulankhula kwa munthu amene angathe kusankha: asankhe kutumikira Mulungu kapena chuma, pakuti nkhani yonse pamenepo yayambira pa ambuye awiri. Silikulankhula kwa mtima wa mnofu umene ukugunda wokha pakati pa usiku. Kulamula mtima umenewo kuti ulape n'kulamula chinthu chopanda makutu.

Kuchedwa kwathu kupita kuchipatala kunali ndi chifukwa china chimene Mmalawi aliyense akuchidziwa: dzina la Zomba. Chisamaliro cha odwala maganizo m'dziko muno chinayambira m'chigawo cha ndende ya Zomba mu 1910, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Mbiri ya maunyolo ndi zitseko zachitsulo inakhazikika m'mitu mwathu, moti munthu akangomva zoti akaonane ndi a zamaganizo, amamva kuti akumutcha wamisala. Zinthu zinasintha kalekale. A St John of God ku Mzuzu akhala akuthandiza odwala ndi kuphunzitsa azachipatala a ntchitoyi kwa zaka zambiri, ndipo m'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Koma mbiri yoipa imachedwa kufa. Tsono mlongo wanga asanafike pa dokotala, anafika pa munthu wina wogulitsa mankhwala m'chikwama, amene anamupatsa timapiritsi tating'ono n'kumuuza kuti ndi ta tulo.

Tinali ta diazepam, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Valium. Mankhwala amenewa ali ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Anawapanga Leo Sternbach, katswiri wa kampani ya Roche ku New Jersey, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1963. Amagwira ntchito polimbikitsa GABA, chinthu chimene ubongo umagwiritsa ntchito kudziziziritsa wokha, ndipo pasanathe ola munthu amamva thupi lonse kumasuka. M'zaka za m'ma 1970 anali mankhwala olembedwa kwambiri ndi madokotala ku America. Mu 1978 mokha anagulitsa mapiritsi oposa 2 biliyoni. Kenaka dziko linadzidzimuka. Thupi limawazolowera. Piritsi limodzi limasiya kukwanira, ndipo wofuna kusiya mwadzidzidzi amagwidwa ndi nkhawa yoposa yoyamba, kunjenjemera, kusowa tulo, nthawi zina mpaka kukomoka. Akasakanizidwa ndi mowa angathe kuimitsa mpweya. Mu 1988 akuluakulu oona za mankhwala ku Britain analangiza kuti asamwedwe kupitirira milungu iwiri kapena inayi, ndipo malangizo a WHO a mu 2023 anafupikitsanso: pa nkhawa aperekedwe pokhapokha zinthu zafika poipa, kwa masiku owerengeka okha.

Si kuti diazepam ndi woipa. M'zipatala mwathu ndi yemweyo amene amaletsa kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu, ndipo wapulumutsa ana osawerengeka. Koma m'manja mwa mlongo wanga, wopanda womuyang'anira, anachita zimene anachita kwa anthu a ku America. Poyamba anagona tulo tabwino, nati wapeza mpulumutsi. Posakhalitsa anayamba kuwonjezera. Masana ankayenda ngati wosadzuka bwino, kuiwala amene wamukongoza usipa, kuyankha ana mochedwa. Mantha anachepadi, koma munthu amene tinkamudziwa uja anachepa nawo limodzi.

Alamu anga ndi amene anadula nkhani. Anati, "Alamu, ine panyanja ndimaopa mafunde, koma tsopano ndikuopa kunyumba. Tiyeni naye kuchipatala." Kumeneko anayamba ndi thupi. Anamuyeza BP, shuga, malungo ndi kuchuluka kwa magazi, anamugwira pakhosi kuona chithokomiro, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro chogwira ntchito mopyola zingathe kuthamangitsa mtima mofanana ndi nkhawa. Anamufunsa za mowa, za tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, za mankhwala ena amene akumwa. Kenaka namwino anakhala naye pansi, namufotokozera chimene chimachitika m'thupi mwake, namuuza mawu amene palibe anali atamuuzapo: kuti kuthamanga kwa mtima kotereku kumaopsa koma sikupha, ndipo kumatha kokha. Anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono. Diazepam uja sanamulande tsiku limodzi. Anamuchepetsera pang'onopang'ono mpaka kusiya. M'malo mwake anamupatsa fluoxetine.

Fluoxetine ndi wa khalidwe lina. Anayamba kugulitsidwa ku America ndi dzina la Prozac atavomerezedwa kumapeto kwa 1987, ndipo ali m'gulu la mankhwala amene amachititsa kuti serotonin akhalitse pakati pa minyewa ya ubongo. Saledzeretsa, sagonetsa, ndipo womwa samva kukoma kulikonse koti n'kumufunanso. Choyesa munthu n'chakuti amachedwa. Pamatenga milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi kuti phindu lioneke, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru, mutu, ngakhale nkhawa kukwera pang'ono. Ambiri amasiyira pamenepo n'kumati sakugwira. Akagwira, amafunika kupitirizidwa miyezi yambiri munthu atapeza bwino, ndipo kusiya kwake n'kogwirizana ndi dokotala. Kumene fluoxetine wasowa, nthawi zina amapereka amitriptyline, mankhwala akale a m'ma 1960, amene amaumitsa kukamwa, kugonetsa ndi kudzimbitsa, ndipo ndi oopsa kwambiri munthu akamwa ambiri, moti sayenera kusungidwa pamene ana angafike. Alipo ena amene amapatsidwa propranolol, mankhwala a mtima amene James Black anapanga m'ma 1960: amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja, koma maganizo sawakhudza, ndipo wa mphumu saloledwa kumwa.

Nditaona mankhwala awiri aja akugwira ntchito mwa munthu mmodzi, funso lozama lija linayamba kumasuka. Bata la thupi ndi mtendere wa mumtima ndi zinthu ziwiri. Diazepam anapatsa mlongo wanga bata lochuluka, koma mtendere sanamupatse. Anali phee, koma wosakhoza kupemphera, kuwerengera ndalama kapena kuseka. Fluoxetine sanamupatse chimwemwe kapena chikhulupiriro. Anangochepetsa phokoso, kuti mwini wake amvenso mawu a ana ake, a mwamuna wake ndi a Mulungu wake. Bwato likamalowa madzi, woyenda panyanja amakapa. Kukapa sikupalasa, ndipo sikusankha doko. Koma wokana kukapa ponena kuti akudalira Mulungu safika kulikonse. Zimene mlongo wanga anachita ndi mutu wake utapepuka, kukhululukira mneneri uja, kubwerera kutchalitchi, kukweranso minibasi manja akunjenjemera, zimenezo sizinali m'paketi. Anazichita yekha, ndi chisomo chimene anachipempha.

Ndiye piritsi silinalowe m'munda mwa Mulungu. Ife ndife amene tinachepetsa mundawo, pomaganiza kuti ntchito ya Mulungu ndi kutontholetsa mtima wa mnofu. Malemba omwewo satero. Luka, amene Paulo amamutcha sing'anga, ndiye analemba kuti ku Getsemane thukuta la Yesu linagwa ngati madontho a magazi. Marko akuti anagwidwa ndi nthumanzi, napempha anzake atatu kuti akhale naye maso. Tikati kunthunthumira ndi kusakhulupirira, tatsutsa Mwini chikhulupiriro. Paulo amene analembera Afilipi za kusadera nkhawa ndi yemweyo anauza Akorinto kuti anafika kwa iwo ali wofooka, wamantha ndi wonjenjemera, ndi kuti nkhawa ya mipingo inkamupsinja tsiku ndi tsiku. Eliya atathawa Yezebeli anagona pansi pa kamtengo m'chipululu napempha imfa. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, namusiya agonenso, namudyetsanso kachiwiri. Kulankhula kwa Mulungu kunabwera pambuyo, ku Horebu, thupi litayamba lathandizidwa. Hezekiya atapemphera n'kulonjezedwa moyo, Yesaya analamulabe kuti amuike nkhuyu pachithupsa. Ndipo Asa uja, tikawerenga mutu wonse, tchimo lake linayamba kale: anadalira mfumu ya Aramu, natsekera m'ndende mlauli amene anamudzudzula. Asing'anga anangokhala chizindikiro chomaliza cha munthu amene anali atamufulatira kale Mulungu.

Nkhaniyi ndinakambiranapo ndi shehe wina, mnansi wanga wa zaka zambiri, titakhala pamkeka madzulo. Anaseka nati, "Aphunzitsi, inu mumavutika ndi zinthu zimene ife tinauzidwa kale." Anandikumbutsa za munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kudalira Allah, ndipo anauzidwa kuchita zonse ziwiri, kumanga ndi kudalira. Anati chiphunzitso chawo n'chakuti Allah sanatsitse nthenda popanda kutsitsa mankhwala ake, choncho kufunafuna mankhwala ndi kumvera. Anatinso Mtumiki mwini anali ndi chaka chimene mpaka lero chimatchedwa chaka cha chisoni, pamene anataya mkazi wake Khadija ndi Abu Talib amene anamulera, ndipo palibe Msilamu amene amati chisonicho chinali kuchepa kwa chikhulupiriro. Pambuyo pake ndinadzamva za Abu Zayd al-Balkhi, katswiri wachisilamu amene anamwalira mu 934, yemwe analemba za kusamalira thupi ndi mzimu pamodzi, naika mantha ndi nkhawa m'gulu la matenda ofuna chithandizo. Komabe shehe uja anavomereza kuti nawonso ali ndi anthu amene chilichonse amati ndi majini. Vutoli silisankha chipembedzo.

Tsono ndisamveke ngati ndikulalikira mapiritsi. Pali mbali imene oopa mankhwala akulondola, ndipo ndi yaikulu. Munthu angathe kugwadira bata. Angathe kufuna kuti asamvenso kanthu, ndipo chilichonse chomupatsa dzanzi la mumtima chimasanduka mbuye wake. Pagombe pano mankhwala a nkhawa ofala kwambiri si a kuchipatala. Ndi kachasu amene mnyamata amamwa asanakwere boti, ndi chamba chimene boma lathu lino linatchuka nacho, chomwe kwa ena chimakulitsa mantha omwewo amene amachisutira. Diazepam wogulidwa m'chikwama ali m'gulu lomwelo. Muyeso umene ndinaupeza ndi uwu: taonani kumene mankhwalawo akumutengera munthu. Ngati akumubwezera kwa anthu, kuntchito ndi kupemphero, ndi wantchito wabwino. Ngati akumuchotsa kwa anthu n'kumutsekera m'chipinda ndi botolo lake, asanduka fano, kaya agulidwa ku famase kaya kwa mayi wotcheza.

Chinanso n'chakuti nkhawa zina si matenda, ndi zoona. Mayi amene ali ndi ngongole ya banki m'khonde ndipo usipa wake waola ndi mvula pathandala sakudwala, akuwerengera bwino. Banja la ku Dwangwa limene madzi osefukira a mu 2024 analitengera nyumba lili ndi chifukwa chodzidzimukira mvula ikamagunda padenga. Msodzi amene wagwira katapila kuti agule mafuta a injini, n'kubwerako ndi ndowa imodzi, sagona chifukwa masamu ake ndi olondola. Kumupatsa munthu wotero piritsi lokha n'kumutseka pakamwa. Kumupatsa vesi lokha n'chimodzimodzi, pakuti pepani sapoletsa chilonda. Yakobo ananena kale za wopembedza amene amauza wamaliseche ndi wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu. Nkhawa ya ngongole mankhwala ake ndi abale okhala pansi n'kuona chochita.

Ngakhale pa nkhawa imene ndi matenda enieni, azachipatala okha amanena kuti kukambirana ndi munthu wodziwa kumathandiza mofanana ndi mapiritsi kwa ambiri, ndipo kwa amene matenda sanakule ndiko koyambira. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mu Harare kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu oganiza kwambiri ndi kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti okhala pabenchipo anapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi, yotchedwa Friendship Bench, inafika ndi kuno ku Malawi. Nditamva zimenezi ndinaganiza za mabenchi a m'matchalitchi mwathu ndi mikeka ya m'mizikiti. Okhalapo tili nawo, agogo tili nawo, nthawi tili nayo. Chimene timasowa n'kudekha komvetsera munthu mpaka amalize, osamudula ndi yankho.

Mlongo wanga lero akuchita geni yake. Masiku ena mtima umathamangabe, makamaka mwera ukawomba alamu ali panyanja. Amakhala pansi, amapuma monga anamuphunzitsira, amapemphera, zimadutsa. Mwezi umene mankhwala asowa timasonkha n'kukagula ku famase ndi chikalata cha dokotala, chifukwa kudukiza n'kubwerera m'mbuyo. Wina akamufunsa ngati anachira ndi pemphero kapena ndi mapiritsi, amayankha kuti funsolo ndi la anthu amene sanadwalepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwa abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mpingo anzanga, pempho langa ndi lochepa. Munthu akabwera n'kunena kuti mtima ukumuthamanga ndipo sakugona, mupempherereni, pakuti wabwerera zimenezo. Mukatha, mufunseni ngati anakayezetsa, ndipo ngati akuopa kupita yekha, muperekezeni. Amene ali pa mankhwala musamuuze kuti asiye kuti aonetse chikhulupiriro. Kusiya mwadzidzidzi kungathe kumugwetsa, ndipo Yesu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi kuti ayese Mulungu. Akanena zoti moyo wamukwana, musamusiye yekha ngakhale usiku umodzi, thamangani naye kuchipatala. Ndipo matenda akabwerera, musamusenzetse mlandu pofuna kuteteza mbiri ya pemphero lanu.

Zaka zonsezi takhala tikufunsa ngati wodwala nkhawa ali ndi chikhulupiriro chokwanira. Ndikaona mayi amene thupi lake likumuuza kuti athawe, koma iye n'kuvala chitenje, kulowa m'tchalitchi n'kukhala pafupi ndi khomo mpaka mapemphero kutha, ndimaona chikhulupiriro choposa cha ine amene ndimalowa mtima uli m'malo osalipira kanthu. Pa Mateyu 25, pamene anthu akulekanitsidwa kudzanja lamanja ndi lamanzere, odwala safunsidwa chifukwa chimene anadwalira kapena chimene anamwa. Ofunsidwa ndi amene anali bwino: munapita kukamuona kodi? Matenda a mlongo wanga anali mayeso a chikhulupiriro ndithu, koma olemba mayesowo tinali ife a pakhomo ndi a mumpingo, ndipo pa mayeso otero munthu amakhoza ndi miyendo, popita kumene kuli wodwalayo.